Kuloweza kudagwetsa katswiri wa chesi

Loweruka lapitali ndidaima pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, kuonerera anthu awiri akusewera chesi. Kale pamakonde otere pamamveka nkhomo za bawo basi, koma masiku ano bolodi ya chesi yayamba kupezekanso, ndipo ine zimenezi zimandikondweretsa. Mbali ina kudakhala mnyamata wa Fomu 4, mbali inayo bambo wina wogulitsa kaunjika. Mnyamatayo adayamba ndi liwiro la mtondo wadooka. Bambo uja akangosuntha, iye wayankha kale, osaganiza ngakhale pang'ono, mpaka maulendo khumi ndi awiri. Kenaka wakaunjika uja adakankha kamsilikali kena kam'mbali komwe mnyamatayo sadali kukayembekezera. Mnyamata adagwira tsaya. Pasanathe mphindi khumi mfumu yake idali itasowa kothawira.

"Achimwene, mwasuntha molakwika inu, mufoni mwanga mulibe zimenezo," adadandaula mnyamatayo.

"Ndiye uitane foniyo idzakusewerere, mphwanga," adayankha bamboyo, uku akusonkhanitsa zida zake.

Onse adali pamenepo adafa nalo phwete. Ine ndidaseka pang'ono chabe, chifukwa ndidakumbukira kuti zomwe zidamuonekera mwanayu zidamuonekeranso munthu amene panthawiyo adali katswiri wa dziko lonse lapansi. Nkhani yake ndi imene ndikufuna tikambirane lero, makamaka inu ana asukulu ndi inu anzanga a geni.

Ndiyambe ndi kufotokoza kuti anthu amene ndikuwanenawa sadali osewera a pakhonde ayi. Bungwe loyendetsa chesi padziko lonse la FIDE, lomwe lidakhazikitsidwa mumzinda wa Paris m'chaka cha 1924, limapereka nambala kwa wosewera aliyense wa m'mipikisano yake yosonyeza mphamvu zake. Njira yowerengera nambalayi adaikonza ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary koma wokhala ku America, ndipo FIDE idayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Ukapambana nambala yako imakwera, ukagonja imatsika, ndipo ukagwetsa munthu wokuposa imakwera kwambiri. Munthu akamuposa mnzake ndi 200, chiyembekezo chimakhala chakuti pa mapointi anayi alionse, iye atenga pafupifupi atatu. Kuti munthu atchedwe grandmaster, lomwe ndi dzina lapamwamba kwambiri m'masewerowa, nambala yake iyenera kufikapo pa 2500. Mnzathu wa ku Zambia, Amon Simutowe, adalandira dzinali mu 2009, woyamba kumwera kwa chipululu cha Sahara kuno. Tsono anthu awiri a m'nkhani yangayi onse adali pamwamba pa 2700. Pamsinkhu umenewo palibe amene amataya chida chifukwa cha tulo.

Woyamba adali Vladimir Kramnik wa ku Russia, amene adalanda ukatswiri kwa Garry Kasparov mumzinda wa London m'chaka cha 2000. Wachiwiri adali Peter Leko wa ku Hungary, amene adakhala grandmaster mu 1994 ali ndi zaka 14 zokha. Awiriwa adakumana mu 2004 m'tauni yaing'ono ya Brissago ku Switzerland, m'mbali mwa nyanja ya Maggiore, pampikisano wa masewero 14. Lamulo lidali lakuti akalepherana, ukatswiri ukhalabe kwa mwini wake, Kramnik. Masewero oyamba adapambana Kramnik, achisanu adapambana Leko, ena onse mpaka achisanu ndi chiwiri adafanana mphamvu. Choncho pofika masewero a nambala 8, m'mwezi wa October, aliyense adali ndi mapointi atatu ndi theka.

Masewero a chesi ali ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Chiyambicho, chimene osewera amachitcha opening, ndi pamene munthu umatulutsa zida zako, kulimbirana pakati pa bolodi ndi kubisa mfumu yako pabwino. Popeza masewero onse amayamba zida zitaima mofanana, anthu akhala akulemba ndi kusanthula mayambidwe osiyanasiyana kwa zaka mazanamazana, ndipo alionse ali ndi dzina lake. Tsikulo Kramnik adali ndi zida zoyera, ndiye woyamba kusuntha. Adakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu mabokosi awiri, Leko adachita chimodzimodzi. Kramnik adatulutsa kavalo kuopseza msilikali wa Leko, Leko adatulutsa kavalo wake kumuteteza, Kramnik n'kutumiza bishopu kukaopseza kavaloyo. Mayambidwe amenewa amatchedwa Ruy Lopez, potengera dzina la wansembe wa ku Spain amene adawalongosola m'buku lake la 1561. Taonani ukale wake!

Pakusuntha kwa nambala 8, Leko adakankha msilikali wa patsogolo pa mfumukazi mabokosi awiri, akudziwa bwino lomwe kuti zotsatira zake n'zakuti ataya msilikali mmodzi. Imeneyi ndi njira yotchedwa Marshall Attack. Inu a geni muimvetsa msanga, chifukwa ndi basera. Umapereka kanthu kakang'ono kwaulere pofuna chachikulu. Wa zoyera akamatanganidwa ndi kudya msilikaliyo, kavalo, bishopu ndi nsanja zake za mbali ya mfumukazi zimakhala zikadagona kunyumba, pamene wa zakuda zida zake zonse zimakhala zitatuluka n'kuloza kwa mfumu ya mnzake. Nsanja imeneyi ndi chida chapangodya chija ena amachitcha rook.

Njirayi ili ndi mbiri yoseketsa. Mwini dzinalo, Frank Marshall wa ku America, adamutchera nayo José Raúl Capablanca wa ku Cuba mumzinda wa New York mu 1918. Marshall adabwera atakonzekeratu kunyumba. Capablanca adalandira msilikaliyo, nakhala pansi kuganiza yekha pabolodi pomwepo, napirira chimkuntho chonse mpaka adapambana. Ndiye kuti pa masewero omwe adaitchukitsa njirayi, wokonzekera kunyumba adagonja kwa woganiza pabolodi. Patapita zaka 86, ku Brissago kudachitika zomwezo, kungoti ulendo uno wokonzekerayo adakhala kumbali ya zoyera.

Kramnik ndi omuthandiza ake adadziwa kuti Leko akhoza kusewera Marshall, choncho adaikonzera yankho mothandizidwa ndi kompyuta. Masewero atayamba, Kramnik ankangosuntha mwachangu monga mnyamata wa pakhonde uja. Pa mpikisano wotere pamakhala wotchi, ndipo nthawi yako ikatha usadakwanitse maulendo ofunika, wagonja. Wotchi ya Leko inkadya nthawi, ya Kramnik idali ngati yaima. Tayerekezani kuti ndinu Leko. Mnzanu akusuntha osaganiza, nkhope ili phee, ndipo mukudziwa kuti kuseri kwake kuli gulu la akatswiri ndi makina. Mtima umakuuza kuti walowa kale mumsampha, kwatsala n'kufwamphuka basi.

Pakusuntha kwa nambala 23 Leko adalowetsa nsanja yake m'kati mwa bwalo la Kramnik, kuopseza mfumukazi. Kramnik adadya nsanjayo ndi mfumukazi yake, mfumukaziyo n'kudyedwa ndi bishopu wa Leko. Kupereka mfumukazi, chida champhamvu kuposa zonse, si zamasewera, koma izi zidali m'mapulani a kunyumba aja. Kramnik adali ndi msilikali wam'mbali amene pakusuntha kwa nambala 25 adafika poti kwangotsala mabokosi awiri kuti alowe kumapeto kwa bolodi n'kusanduka mfumukazi yatsopano. Leko adalibenso nsanja yotchinga kumbuyo. Poyang'ana koyamba, ngakhale kompyuta idaona kuti wa zoyera zake zayera.

Apa ndi pamene Leko, nthawi itamuthera kwambiri, adasiya msilikali woopsayo kuti azipita, natenga mfumukazi yake kukaiika pabokosi lotchedwa d3, pafupi ndi mfumu ya Kramnik. Sikudali kudya chida chilichonse, sikudalinso kuopseza mfumu mwachindunji. Koma Kramnik atakhala pansi kuganiza, nthawi yoyamba yeniyeni tsikulo, adaona kuti akapitiriza kukankha msilikali uja apezadi mfumukazi yatsopano, koma mfumu yake iphedwa ndi mfumukazi ndi kavalo wa Leko, mfumukazi yatsopanoyo ili kutali yosatha kuthandiza. Adayesa njira ina, koma madzi adali atafika kale m'khosi. Leko atasuntha ulendo wa 32, Kramnik adapereka dzanja kuvomereza kugonja.

Pambuyo pake zidadziwika kuti pokonzekera paja, kompyuta idaonetsa kuti njirayo njabwino kwa wa zoyera, anthu n'kukhulupirira, osaipatsa nthawi yokwanira kuti ione patali. Akadaidikira pang'ono ikadasintha maganizo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri wa dziko lonse adagonja masewero amene mbali yaikulu sadasewere ndi mutu wake.

Tsono wina anena kuti, "Ndiye kukonzekera n'kulakwa?" Ayi ndithu, ndipo ndisanamizire Kramnik. Munthu yemweyu ndi amene adagwetsa Kasparov mu 2000 chifukwa cha kukonzekera. Adafukula njira yakale ya Ruy Lopez yomweyo, yotchedwa Berlin, imene akatswiri ambiri adali ataitaya, naiphunzira mpaka kuimvetsa kuposa wina aliyense. M'njira imeneyo mafumukazi amadyana msangamsanga, masewero n'kukhala ozizira, ndipo Kasparov, amene ankakonda moto, adasowa pogwira. Mumpikisano wonsewo Kasparov sadapambane ngakhale masewero amodzi. Ku London Kramnik ankadziwa chifukwa cha kusuntha kulikonse, kotero kuti mnzake akapatuka iye ankadziwa chochita. Ku Brissago, pa masewero a nambala 8 aja, adanyamula yankho lomwe sadaliyese mokwanira, naliyendetsa mothamanga chifukwa cholikhulupirira. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Ndinenenso kuti Leko sadatenge ukatswiri. Adatsogola mpaka masewero otsiriza, koma pa masewero a nambala 14 Kramnik, amene adayenera kupambana zivute zitani, adapambanadi. Mpikisano udatha 7 kwa 7 ndipo ukatswiri udakhalabe kwa Kramnik. Ndikutchula izi kuti wina asaganize kuti ndikunena nthano ya kalulu ndi njovu. Kramnik adali ndi mutu wakuti atagwa adatha kudzuka. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ana athu amene akuloweza mayankho asadakhale ndi mutu woterowo.

Masiku ano foni ya m'thumba ili ndi mapulogalamu a chesi amphamvu kuposa kompyuta ya Deep Blue imene idagonjetsa Kasparov mu 1997. Mwana akhoza kuona pa intaneti masewero a akatswiri tsiku lomwelo aseweredwa. Umenewu ndi mwayi umene ife sitidauone, ndipo sindikuuchitira nsanje. Koma ndaona ana ambiri amene amatha kukutchulira maulendo khumi ndi asanu a mayambidwe otchuka, ukawafunsa chifukwa chake kavalo wapita apa osati apo, amangoti ndi momwe amasewerera akatswiri. Ukawapatsa mfumu ndi msilikali mmodzi kuti amalize masewero, amalephera. Mwana wotere akalowa mpikisano, makolo atamulipirira ndalama yolowera ndi ya minibasi, amapambana masewero oyamba akakumana ndi mnzake woloweza zochepa. Akakumana ndi munthu woganiza ngati wakaunjika uja, amabwerako manja ali m'khosi, nambala yake n'kutsika, iye n'kumati chesi njovuta. Chonsecho vuto ndi kaphunziridwe.

Matendawa sali pa chesi pokha, ndipo inu ana asukulu mukudziwa chomwe ndikunena. Mayeso a MSCE akayandikira, ambiri mumasiya mabuku n'kuyamba kuloweza mayankho a mapepala a zaka zam'mbuyo. Ena mumafika pogula likasa kwa anthu osawadziwa n'komwe. Mapepala akale ngabwino, ngofanana ndi masewero a akatswiri amene wosewera aliyense ayenera kuwaphunzira. Koma wolemba mayeso ali ngati Leko. Amangotembenuza funso pang'ono, nambala imodzi kuisintha, ndipo woloweza uja amalemba yankho la chaka chatha pa funso la chaka chino, ali ndi chimwemwe chonse, mpaka tsiku lotuluka zotsatira. Tsopano kwabweranso mapulogalamu a pafoni olemba chimangirizo chonse munthu utangowauza mutu. Amayankha mwachangu ndiponso molimba mtima, monga idachitira kompyuta ya gulu la Kramnik, ndipo nthawi zina amalakwa molimba mtima momwemo. Ngati gulu la akatswiri lidapusitsidwa ndi yankho lofulumira la makina, kuli bwanji mwana wa Fomu 2 amene alibe poyesera yankholo?

Anzanga a geni, musaseke ana, chifukwa nanunso mumaloweza. Mnzanu akapita ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg n'kubwera ndi nsapato zamtundu wina, zikayenda malonda, mwezi wotsatira mzere wonse wa mabenchi umadzaza nsapato zomwezo. Palibe amene wafunsa kuti mnzathuyu adapikula pamtengo wanji, msonkho adalipira zingati, kwacha idali pati tsiku limenelo, makasitomala ake ndi otani. Mwangotenga chiyambi cha masewero a mnzanu n'kuchiika pabolodi yanu. Mtengo ukagwa chifukwa katundu wachuluka, woyamba uja amakhala atagulitsa kale zake n'kusamukira ku china, inu mpamba uli gwa m'katoni, katapila akugogoda pakhomo. Ine ndidaluzapo ndalama mwanjira imeneyi zaka zapitazo, pamene ndidaoda katundu chifukwa chongomva kuti akuyenda, ndiye sindikunena ngati munthu woyera. Fulumira adadya gaga, ndipo ine ndidadya wambiri.

Chimene ndimasirira mwa Leko pa tsiku lija ndi kulimba mtima kokhulupirira maso ake. Zonse zinkamuuza kuti abwerere m'mbuyo: mbiri ya mnzake, liwiro lake, wotchi yomwe inkatha. Munthu wamantha akadasankha kusuntha kodziteteza, n'kugonja pang'onopang'ono. Iye adawerengera yekha, naona kuti zikutheka, nasuntha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekhako kudali ndi pogwira, chifukwa Leko ankaidziwa Marshall kuchokera m'kati, ankadziwa kuti m'njira imeneyi wa zakuda akasiya kuthamangitsa mfumu ya mnzake n'kuyamba kuwerenga asilikali, watha. Kumvetsa kumeneko ndi kumene kudamulondolera pamene zoloweza zidamuthera.

Choncho pempho langa likupita kwa aphunzitsi amene akuyendetsa makalabu a chesi m'sukulu zathu ndi kwa akuluakulu amene amakonza mipikisano ya ana. Musayambe ndi kuwalowezetsa ana mayina a mayambidwe. Yambani ndi mathero, mwana adziwe kumaliza masewero ali ndi nsanja imodzi kapena msilikali mmodzi. Pa chiyambi muphunzitseni zifukwa zitatu zija: tulutsa zida, gwira pakati, bisa mfumu. Akasewera, alembe masewero ake, ndipo akagonja akhale pansi ndi amene wamugonjetsayo kufufuza pomwe zidakhota, foni ili m'thumba. Akamaliza kuganiza yekha, ndiye aifunse foniyo, ndipo ikamuuza kusuntha kwina aifunse chifukwa chake mpaka amvetse. Akapanda kumvetsa, kusunthako asakutenge, ngakhale kukhale kwa katswiri wotani.

Kwa makolo ndikuti musamuletse mwana chesi poganiza kuti ndi juga kapena kutaya nthawi. Ndi masewero ochepa amene amamuphunzitsa mwana kuti chimene wasankha ndi chake, ndipo kuti akagonja palibe woimba mluzu kapena goloboyi womuloza chala. Koma mukamuona akungoyang'ana pafoni osayala bolodi, mufunseni kuti akufotokozereni chifukwa cha kusuntha kumodzi kokha. Ngakhale inu simudziwa chesi, mudzamva ngati akulankhula zomwe akuzidziwa kapena akungolakatula.

Mnyamata wa Fomu 4 uja ndidamupeza Lolemba madzulo pakhonde lomwe lija, atakhalanso moyang'anana ndi bambo wa kaunjika. Foni adaiika chafufumimba pambali pa bolodi. Pakusuntha kwachinayi adakhala mphindi zingapo akuganiza, mpaka oonerera adayamba kung'ung'udza kuti akuchedwetsa mzere. Bambo uja adawaletsa.

"Musiyeni mwanayu," adatero, "lero ndiye wabwera yekha."

Adagonjanso, koma masewerowo adatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo wakaunjika uja adatuluka thukuta. Mayeso ake a MSCE akubwera, ndipo ndikhulupirira kuti m'chipinda cha mayesomo adzalowanso yekha chomwecho.